Mawu a Bambo M'kompyuta Yakale

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1, pamene ndinkadziona ngati katswiri wa makompyuta pa Mzimba Boma ponse. Ndinali nditangophunzira miyezi itatu yokha, koma mukanandimva ndikulankhula mukanati makinawo ndinawapanga ndine.

Kunyumba kwathu kunali kompyuta yakale imene bambo anga ankagwiritsa ntchito ali kalaliki wa matabwa ku Luwawa. Iwo anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Asanadwale ankakonda kudzijambula mawu akuimba nyimbo za kutchalitchi m'Chitumbuka, ndipo pakati pa nyimbo ankatsokomola, kuseka, mwina kundikalipira kuti ndisiye kugogoda tebulo. Mawuwo sanasungidwe kwina kulikonse, anali m'kompyuta momwemo basi. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, mayi ankaiyatsa n'kupita kuchipinda kukavula nsapato, poti inkadzuka ngati nkhalamba. Pagalasi lakuda pankabwera timalemba toyera, makinawo n'kung'ung'udza kanthawi, kenako mayi ankabwera kudzatsegula nyimbo.

Ine kuchedwako kunkandinyansa. Aphunzitsi anali atatiuza kuti kompyuta isanatsegule china chilichonse, mumayamba kugwira ntchito kapulogalamu kakang'ono koidzutsa, ndipo pali kachikale ndi katsopano. Yathuyo inkatha kudzuka njira zonse ziwiri, koma bambo anaisiya pa yachikale. Mnzanga wina atandibwereka fulashi, kachipangizo kosungira zinthu, momwe munali pulogalamu yatsopano yoyendetsera kompyuta, ndinathamangira kumsika kwa a Twaibu, amene ankakonza mafoni ndi makompyuta. Kunena zoona sindinapite kukafunsa nzeru, ndinkafuna andiyamikire.

Ndinawauza kuti ndikufuna kuika pulogalamuyo kuti kompyuta yathu izidzuka njira yatsopano. Anamvetsera akupukuta magalasi awo, kenako anati: "Mwanangu, ukasankha njira yatsopanoyo, idzafuna kusesa disiki yonse n'kuiyalanso. Yamba wakopera zonse pena. Ngati ulibe pokopera, isiye izidzuka mwachikale, sikupweteka munthu."

Ndinathokoza pakamwa pokha. Mumtima ndinati madala awa ndi amantha, n'chifukwa chake anakalambira m'kashopu konunkha mawaya opserera.

Loweruka masana mayi anapita ku Champhira kukaona munda wa nyemba. Ndinalowetsa fulashi ija n'kusankha njira yatsopano. Kompyuta inakana, inati disiki ndi ya kayalidwe kakale, ndipo inandifunsa ngati ndikuvomera kuti ifufute zonse. Chenjezolo ndinaliwerenga ndipo ndinalimva bwinobwino. Koma kusukulu ndinali nditaona zinthu zofufutidwa zikubwezedwa kuchokera m'kabini ka zinyalala, ndiye ndinkaganiza kuti m'kompyuta mulibe chimene chimatayika. Ndinavomera.

Itamaliza, inadzuka ndisanakhale n'komwe pampando. Ndinavina ndekha pabalaza. Kenako ndinafufuza nyimbo za bambo, ndinatsegula kabini kaja, ndipo munalibe kanthu. Mayi atafika ndi thumba la nyemba ndinawabisira nkhaniyo.

Lamlungu anaiyatsa monga mwa nthawi zonse n'kupita kukavula nsapato. Atabwera anadinadina, kenako anatembenuka.

"Tiwonge, adada ako ali kuti?"

Ndinaulula zonse ndikulira. Ndinkayembekezera mkwapulo, ndipo ndinkaufuna. Iwo anangokhala pansi, manja pamiyendo.

"Mbwenu tawaika m'manda kawiri," anatero.

Lolemba ndinainyamula pa kabaza kupita nayo kwa a Twaibu. Sanandikumbutse zimene anandiuza, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipiridwa. Analimbana nayo masiku atatu. Anandifotokozera kuti pulogalamu yatsopano inakhala pamwamba penipeni pa malo amene panali nyimbo, ndipo kubwerera ku njira yachikale sikungabweze kanthu. Chimene anapulumutsa ndi zithunzi za milu ya matabwa ndi kachidutswa kamodzi ka mawu: bambo akutsokomola, akukoka mpweya kuti ayambe kuimba, n'kuthera pomwepo.

Lero ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimakonza makompyuta. Ndikudziwa tsopano kuti njira yatsopano sinali yoipa, ndipo yachikale sinali yopatulika. Cholakwika chinali chakuti ndinasankha ndikuyang'ana liwiro, osayang'ana chimene makinawo ananyamula. Aliyense wobwera ndi kompyuta ndimayamba ndamufunsa kuti muli chiyani chimene sangachipezenso. Ena amati ndine wochedwa. Aziti choncho.

Koma kudziwako sikunandibwezere kalikonse. Mawu a bambo ndinawaiwala. Ndikayesa kuwakumbukira akuimba, ndimamva mawu anga omwe.

Mayi akadali nayo kompyuta ija. Lamlungu lililonse amaiyatsa n'kumvetsera bambo akutsokomola ndi kukoka mpweya. Masiku ano amamvetsera atavala nsapato, poti kompyutayo imadzuka msanga.