Malume Anga Anadzandira Pamzere wa Ukaristia

Lamulungu lapitali ndinali kwathu, kumunsi kwa Chongoni. Kutchalitchi chathu chaching'ono kunabwera wansembe, ndipo poti sabwera sabata iliyonse, ngakhale odwala mwendo anatsimphina mpaka kukafika.

Kunja kunali chifunga ndi kuzizira kwathu kwa ku Dedza kuja, kolowa m'mafupa. Koma titaima pamzere wokalandira Ukaristia, ndinaona thukuta lili kamukamu pakhosi pa malume anga, a Fabiano, amene anali patsogolo panga. Manja awo ankanjenjemera. Kenaka anayamba kudzandira, n'kugwira mapewa a mayi wina.

"Ii, kachasu m'mawa uno?" wina ananong'ona kumbuyo.

Malume salawa mowa. Ali ndi matenda a shuga.

Tinawatulutsa panja n'kuwakhazika paudzu. Maso anali otsegula koma ankandiyang'ana ngati mlendo, zoyankhula zosamveka. Pomwepo ndinakumbukira. Nthawi ina nditawaperekeza kuchipatala, anamwino anatiuza kuti mtundu wa mapiritsi amene malume amamwa ukhoza kutsitsa shuga mopitirira ngati munthu sanadye. Ndinathamangira kumene amayi ankakonza tiyi wa wansembe, ndinasungunula shuga m'kapu ya madzi, n'kubwerera.

Apo ndi pamene akazi awo, a Nangozo, anandigwira dzanja.

"Mwana iwe, ukufuna kundiphera mwamuna? Munthu wa shuga ukampatse shuga?"

"Azakhali, shuga wawo watsika, sanakwere. Ndisiyeni chonde."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikubisa shuga m'nyumba, lero iwe uwamwetse kapu yonse? Ayi!"

Amayi ena anawavomereza. Bambo wina anati tiwathire madzi kumutu, wina anayambitsa pemphero. Onsewa anali anthu okonda malume, ndipo n'zimene zikundiopsa mpaka lero. Ndinachita kukuwa, pabwalo la tchalitchi, kukuwira mayi wamkulu amene anandilera nawo. Anandisiya dzanja chifukwa chodabwa basi, osati kuti anakhulupirira.

Mwayi wake malume ankathabe kumeza. Anamwa pang'onopang'ono. Patapita kanthawi maso anabwerera m'malo, n'kufunsa kuti chipewa chawo chili kuti.

Nanga chinachitika n'chiyani? Malume ndi munthu womvera. Achipatala anati asamaphonye mankhwala, ndiye m'mawa anamwa mapiritsi awo. Ali mwana anaphunzitsidwa kuti wokalandira Ukaristia salawa kanthu kuyambira usiku, ndiye sanadye. Kenaka anayenda ulendo wonse wokwera chitunda kupita kutchalitchi m'mimba mulibe kanthu. Malamulo awiri onsewo anawasunga bwinobwino, ndipo anatsala pang'ono kufa nawo.

Wansembe atamva anabwera yekha kudzawauza kuti lamulo lakale lija linasintha kalekale, ndiponso kuti odwala silikuwamanga. Malume anagwedeza mutu mwaulemu, kugwedeza kumene ife a pabanja timakudziwa. Kumatanthauza kuti ndamva, koma sindichita.

Abale anga, za matenda a shuga ambirife timadziwa mbali imodzi yokha. Timadziwa kuti tiyi akhale wopanda shuga, thobwa lotsekemera ayi, nzimbe ayi. Pamenepo timalondera mwamphamvu, mpaka wodwalayo amachita kuba mandasi ngati mwana. N'zoona, shuga wokwera amawononga maso, impso ndi mapazi. Koma ndi angati a ife anauzidwapo kuti shuga amathanso kutsika, ndipo kuti akatsika sadikira mawa?

Taganizani nthawi zimene anthu athu amakhala osadya. Kumaliro, chakudya chimadikira mpaka anthu abwere kumanda. Kudimba munthu amalawira kukathirira kabichi, amvekere ndidya ndikaweruka. Nyengo ya Lenti ena amasala. Pakati pa anthu amenewa pali amene amwa mapiritsi kapena kudzibaya jakisoni m'mawa, ndipo ambiri sanauze aliyense, poopa kulozedwa chala. Akagwa, oyandikana nawo adziwa bwanji?

Ine si dokotala, ndikungobwereza zimene anatiuza. Munthu wa shuga akayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera, kuyankhula zosokonekera ngati waledzera, ndipo akutha kumeza, mpatseni chotsekemera msanga, kenaka adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Thamangirani naye kuchipatala. Ndipo mukamaperekeza wodwala wanu, lowani naye, mufunse. Safunsa anadya phula.

Masana a tsikulo a Nangozo sanandiyankhule kwenikweni. Anandipatsa chakudya nkhope atayang'ana kumbali. Sindikuwaimba mlandu. Anauzidwa kuti shuga ndi mdani, ndipo anakhulupirika pa zimene anauzidwazo.

Ndikutsazika, malume anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinawapempha kuti azidya kaye, ngakhale mbatata imodzi, komanso aziyenda ndi maswiti m'thumba.

"Maswiti, ine nkhalamba? Anthu aziti chiyani?" anaseka. "Usade nkhawa, mphwanga, nzeru ndaipeza. Tsiku lobwera wansembe ndizingosiya mapiritsiwo."

Ndinawachonderera kuti asasinthe kanthu asanafunse achipatala. Anandisisita paphewa, basi n'kufika, ine n'kukwera.

Chifikireni kuno kutauni foni ikalira ndikumadzidzimuka. Mwezi wa mawa wansembe abweranso, ine sindidzakhalako. Malume akadzadzandiranso, pagulu lonse lija la anthu owakonda, adzathamangire shuga ndani?