Mtengo wa Pichesi ndi Foni Yowerenga Mitengo

Sukulu anandilanda ndili Fomu 3. Bambo anamwalira mvula itangoyamba, teremu yotsatira fizi inasowa, ndipo aphunzitsi aakulu anandiitana pamzere wa m'mawa n'kundiuza kuti ndikabwere ndi ndalama. Sindinabwererenso. Anzanga amene ndinkawaonetsa masamu pano ali ku koleji. Ine ndili kuno kumtunda kwa Bembeke, ndimapalira mbatata ya kachewere.

Zimene bambo anasiya n'zosavuta kutchula. Nyumba ya malata, kasola kamodzi padenga, ndi mtengo wa pichesi chakum'mawa kwa nyumba, pafupi kwambiri ndi khoma moti nthambi zake zinkakanda malata kukawomba mphepo. Bambo anagwirapo ntchito ku nazale ya mitengo ku Phiri la Dedza, ndipo kumeneko anaphunzira kumezanitsa. Anatenga kamtengo ka mapichesi wamba, aja ang'onoang'ono owawasa, n'kukadula cha m'bondo, n'kulumikizapo nthambi ya mtundu wabwino. Pamene analumikizapo panatsala chipsera chotupa. Mtengo umene unakula pamwamba pa chipseracho unkabereka mapichesi aakulu, ofiira tsaya limodzi. Chaka chilichonse mu Novembala amayi ankadzaza beseni n'kutsikira nalo kumsewu waukulu, ndipo fetereza wathu ankachokera m'beseni limenelo.

Ntchito ya foni inabwera chaka chachiwiri ndili pakhomo. Bungwe lina linagawa mbande za mitengo m'midzi yathu, kenako linafuna achinyamata oti aziyenda m'minda kuwerenga zimene zaphuka. Ankafuna wodziwa kuwerenga Chingerezi komanso wokhala ndi foni yojambula. Ine ndinali ndi foni yong'aluka galasi imene malume ananditumizira kuchokera ku Joni. Anandilemba.

Woyang'anira wathu anali bambo wachinyamata wa njinga yamoto, wokonda kuseka. Tsiku lotiphunzitsa anatiikira pulogalamu yawo m'mafoni. Ukaitsegula pankatuluka tsamba lobiriwira likuzungulira.

"Imeneyi siwononga chilengedwe," anatero. "Kale tinkalemba pamapepala. Pepala ndi mtengo, anyamata. Pano palibe pepala, palibe cholembera. Ukungojambula basi."

Tinaomba m'manja. Inenso ndinaomba.

Ntchito yake inali yoti ukafika m'munda uime pa mbande iliyonse, uijambule, pulogalamu ilembe malo amene waima, kenako itumize chithunzicho. Malipiro ankatengera zithunzi zimene zafika kwa iwo, osati zimene wajambula. Kuwerenga kunayenera kutha kumapeto kwa Malichi.

Tsiku loyamba lomwe ndinaona kuti pali vuto. Foni inkatentha m'thumba ngati mbatata yootcha, ngakhale pamene sindikuigwiritsa ntchito. Ndinkachoka pakhomo ili yodzaza, dzuwa lisanafike pamutu yathima. Netiweki kuno imabwera ndi kupita, ndipo ikaduka chithunzi chili pakati, pulogalamu inkayambiranso pachiyambi. Ndinkaima pachulu, dzanja m'mwamba, kuyang'ana tsamba lija likuzungulira, moto ukutsika ndikuona. Kafoni ka amayi ka mabatani kankatha sabata osatchaja. Yangayi inkafuna kudya kawiri patsiku.

Ndinayesa kukatchajitsa kwa wometa tsitsi pamsika. Ndi mtunda, ndipo theka la masiku ndinkapeza magetsi azima. Tsiku lina wometayo anaigwira n'kuibweza msanga patebulo.

"Aise, foni yakoyi ili ndi malungo kapena njoka zam'mimba? Ndaitchaja dzulo lomweli."

"Ndi pulogalamu ya mitengo."

"Ndiye mitengoyo ikumera m'kati momwemu? Uziithirira madzi, mwina izizira."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinauza woyang'anira za vuto la foniyo, iye anati ndichepetse kuwala kwa galasi. Ndinachepetsa mpaka ndinkajambula mbande osaiona. Sizinasinthe kanthu. Anzathu a kufupi ndi boma, amene ali ndi magetsi m'nyumba, analibe dandaulo, ndiye ine ndinkaoneka ngati waulesi wofuna chonamizira.

Chinatsala ndi kasola ka bambo. Kali ndi bokosi laling'ono la batire, mababu awiri, ndi bowo limodzi lotchajira. Mu Febuluwale dzuwa kuno ndi la nthawi yochepa. Chifunga chimachoka mochedwa, dzuwa n'kuwala pang'ono m'mawa, pofika masana mitambo yatseka kale. Ndipo nthawi yochepa imeneyo ndi yomwe mthunzi wa pichesi unkagona pa sola. Mtengowo unali utadzaza masamba. Ndikalumikiza foni madzulo, bokosi linkatha, mababu n'kuthima amayi akusankha nyemba. Ankangodzuka n'kukayatsa koloboyi.

M'mawa wina ndinawapeza akusesa pansi pa mtengowo.

"Amayi, nthambi izi zikutchinga sola. Ndidulepo."

"Dikira Juni. Masamba adzagwa okha."

"Kuwerenga kutha Malichi."

"Ndiye kuthe. Mtengowu sunalembedwe ntchito ku bungwe, walembedwa ndiwe."

"Ndiye ndizikhala pano ndizingokanda nthaka mpaka liti?"

Anaimika tsache n'kundiyang'ana. "Solayo siingasunthe? Uipititse mbali inayo ya denga."

Ndinawayankha kuti bambo anaikhomera m'chitsulo kuopa akuba, waya wake ndi waufupi, ndipo wina ndiyenera kukagula ku Dedza. Zonsezo zinali zoona. Koma zinali zotheka. Ulendo wa tsiku limodzi, waya, ndi kubwereka hamala. Ndinaona kuti tsiku limodzi ndi lalitali kwambiri, ndipo chikwanje chinali kuseri kwa chitseko.

Ndinadikira tsiku limene amayi amapita ku mphakati, kumene akhristu a m'mudzi mwathu amakumana kupemphera. Atangokhota pa nkhokwe ya aneba ndinakwera. Ndinkafuna kudula nthambi ziwiri zazing'ono zimene zinkafika pamalata, ndipo zinagwa bwinobwino. Nditayang'ana pa sola, mthunzi unali udakalipo. Unkachokera ku nthambi yaikulu, imodzi mwa ziwiri zimene thunthu linagawikira. Ndinaganiza kuti popeza ndayamba kale, kukalipiridwa n'kumodzi.

Ndinaitema kuchokera pamwamba pokha. Sindinkadziwa kuti nthambi yolemera umayamba waitema kunsi. Nditafika pakati inalira, n'kupendekeka, koma sinaduke. Inang'amba thunthu kutsika nalo mpaka pachipsera cha bambo. Ndinatsika n'kuima pamenepo. Mkati mwa mtengo munali moyera, monyowa, ndipo fungo lake linali ngati la njere ya pichesi ukaiswa. Sola padenga inali pa dzuwa yonse.

Amayi anabwera ali ndi buku lawo la nyimbo m'manja. Anaima, anayang'ana mtengo, anayang'ana denga. Ndinakonzeka kuti akalipe, ndipo mayankho ndinali nawo kale. Ndinkafuna kuwauza za sukulu, za anzanga a ku koleji, za kuti palibe amene anandifunsapo ngati ndikufuna kukhala mlimi. Iwo anangofunsa kuti:

"Foni yadzaza?"

Analowa m'nyumba, anavula nsalu ya kutchalitchi, anatuluka ndi linya. Tinakweza mbali yong'ambikayo tonse awiri, tinaimanga, tinamata dothi. Ankandiuza pogwira ndi pokoka, mawu awo ali wamba ngati tikumanga mtolo wa nkhuni. Mvula ya Malichi inalowabe m'bala. Masamba a mbali yotsala anayamba kufota, utomoni unkatuluka wakuda, ndipo khungwa linkafumbutuka ukaligwira. Tsiku lina amayi anandipatsa nkhwangwa.

"Malizitsa. Ungagwere nyumba."

Ndinadula pansi pa chipsera, chifukwa kuwola kunali kutafika pamenepo.

Kodi zinathandiza? Pang'ono. Bokosi linkadzaza kuposa kale, koma foni inkathimabe masana asanakwane. Mtengo wonse unandigulira minda iwiri kapena itatu yoonjezera patsiku.

Chitsa chisanaume n'komwe, woyang'anira anatiitanitsa pasukulu ya pulaimale. Anati tibweretse mafoni, kwabwera pulogalamu yatsopano. Anatiikira mmodzimmodzi. Tsamba lozungulira lija panalibenso, pankangotuluka mawu ndi batani lojambulira. Mawa lake ndinayenda m'minda kuyambira m'mawa mpaka mvula ya madzulo, ndipo pobwera foni inali isanafike ndi theka lomwe. M'thumba inali yozizira. Ndinaganiza kuti yawonongeka, mwina sikutumiza. Nditaona, zithunzi zonse zinali zitapita.

Nditakumananso ndi woyang'anira ndinamufunsa chimene asintha.

"Zing'onozing'ono, mphwanga," anatero akumanga chipewa cha njinga. "Yakale ija inkafunsa malo amene uli nthawi zonse, ngakhale foni ili m'thumba, ngakhale uli mtulo. Inkakokanso mapu a dziko lonse mobwerezabwereza. Zithunzi inkatumiza zazikulu ngati zokapachika pakhoma. Iyi imafunsa malo pokhapokha ukamajambula, chithunzi imachichepetsa, ndipo netiweki ikaduka imadikira n'kupitiriza pamene inalekera."

"Zinawatengera nthawi yaitali bwanji kukonza?"

"Akuti sinali ntchito yaikulu."

"Nanga bwanji sanachite kale? Ndinakuuzani mu Febuluwale."

Anaseka, osati mwachipongwe, ndi mmene alili. "Amene amalemba zinthuzi amakhala muofesi, foni ili pa waya tsiku lonse. Angadziwe bwanji kuti ikudya moto? Chawadzidzimutsa ndi bilu. Zithunzi zanu zija zimakasungidwa m'makompyuta akuluakulu kunja, ndipo makompyutawo amadya magetsi, magetsiwo amalipira ndi iwowo. Ataona ndalama zikuthera pamenepo ndi pamene anakhala pansi."

Ndinamuuza za pichesi. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kuti achite. Nkhope yake inagwadi.

"Pepa, mphwanga. Ukanandiuza. Ku nazale kwatsala mbande za paini, ndikubweretsera ziwiri."

"Paini amabereka mapichesi?"

"Iwenso," anatero, n'kuliza njinga.

Mbandezo anabweretsadi. Ndinazidzala kumalire a munda, ndinazijambula, ndipo zinawerengedwa. Pa mndandanda wa bungwe, pakhomo pathu mitengo inachuluka ndi iwiri chaka chimenecho. Pichesi sanalowepo m'kuwerenga kulikonse, ali moyo kapena atagwa, chifukwa sanali wa bungwe.

Anthu amafunsa ngati zinthu za m'mafonizi zingathe kusamala moto ndi chilengedwe. Ine ndinaona ndi maso kuti zingathe. Foni yomweyo, batire lomwelo, minda yomweyo, ntchito yomweyo, koma ina inkatha moto pofika masana, ina imafika mawa. Kusiyana kwake kunali kwakuti wina anakhala pansi n'kuganizako. Chimandipweteka n'chakuti sizinali zovuta. Chikanakhala chinthu chosatheka, bwenzi ndikuti ndi mmene dziko lilili. Koma munthu wina amene sindidzamuona anasiya chinthu chikuyaka chifukwa kwawo moto sutha, ndipo kuno moto umenewo unkachokera pa kasola kamodzi, m'mababu a amayi.

Ndimafuna nditamuda munthu ameneyo mokwanira kuti ine ndipume. Sizitheka. Iye sanagwire chikwanje. Amayi anandiuza za Juni, anandiuza za kusuntha sola, ndipo ndinamva zonse ziwiri. Ndinkangofuna kuti chinthu chimodzi m'moyo wanga chichitike lero, osati ndidikire. Ndadikira fizi, ndadikira malume, ndadikira mvula. Tsiku limenelo ndinakana kudikira, ndipo chimene chinali pafupi ndi dzanja langa chinali mtengo wa bambo.

Bungwe linandilipira zonse, sindingalinamizire. Ndalamazo ndinapereka kwa amayi kuti aonjezere pa fetereza. Analandira ndi manja awiri, anathokoza monga amathokozera mlendo, ndipo sizinakwane thumba.

Novembala atafika, anzawo a amayi ankadutsa pakhomo m'mawa ndi mabeseni pamutu.

"Tiyeni kumsewu, anzathu!"

"Pitani, ndikupezani," amayi ankayankha choncho, kenako n'kutenga khasu kulowera kumunda.

Mvula yoyamba itagwa, chitsa chinaphuka. Mphukira zinatuluka zambiri kuzungulira, zofiirira kunsonga, zonenepa. Ndinaziona ndikuchokera kotunga madzi ndipo ndinathamangira m'nyumba ngati mwana.

"Amayi, wadzuka! Bwerani mudzaone."

Anatuluka akupukuta manja, anawerama, anagwira mphukira imodzi n'kuitembenuza tsamba.

"Izi zachokera pansi pa chipsera," anatero. "Mtengo wa bambo ako unali pamwamba. Uwu ndi uja wakale."

"Ndiye subereka?"

"Ubereka. Timapichesi tija towawasa, tolimbirana ana ndi mbuzi. Pamsewu palibe angaimitse galimoto chifukwa cha timeneto."

"Nanga kumezanitsanso?"

"Ukudziwa?"

Sindikudziwa. Bambo ankachita ndili pomwepo, koma ine maso anali pa mabuku, ndinkati za mitengo si zanga. Nthambi ya mtundu uja anakaitenga kuti, amayinso sakudziwa.

Madzulo ake ndinaona amayi akukoka nthambi za minga kuchokera kutchire, akuzungulira nazo chitsa kuti mbuzi zisafike. Ndinapita kuti ndiwathandize. Ndinati mwina tichotseko mphukira zina, itsale imodzi yamphamvu, ndipo dzanja langa linali litafika kale m'thumba mmene munali mpeni.

"Iwe," anatero osatembenuka. "Usaukhudzenso."