Chaka Chimene Tinalira Munthu Wamoyo

Ndikamakumbukira chilimwe chimenecho, chimayamba kundibwerera ndi tsitsi la achemwali anga, Agata, lili m'manja mwanga. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, iwo pamphasa ine pakampando, ulusi wakuda ndauluma kukamwa, kamphepo kotentha kakubweretsa fungo la usipa wa pathandala. Tsitsi lawo linali lambiri ndi lolimba moti chipeso chinkathothoka mano, ndipo ngakhale ndinali wa Sitandade 5 chabe, ndine ndekha amene ankandilola kuliluka. Ankati amayi amakoka ngati akuzula chinangwa.

Bambo anali mphunzitsi. Boma linawachotsa kwathu ku Ntcheu n'kuwaponya pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Mangochi, mbali ya ku Nkopola, pakati pa mabanja a Chiyao amene ankangotitchula kuti ana a aticha. Chaka chimenecho m'nyumba mwathu munali nkhani imodzi yokha. Achemwali ankathandiza pa kachipatala ka mishoni, ndipo masisitere anali atawavomera kuti Khirisimasi ikapita akayambe maphunziro a usisitere. Komanso panali a Fabiano, mnyamata wofatsa wokonza mainjini a maboti, amene anali atatumiza kale amalume awo kudzafunsira mbeta. Amalumewo anauzidwa kuti adikire. Bambo ankati mwana asankhe yekha, amayi ankangoguguda mbale m'khichini n'kumati mapanga awiri avumbwitsa, pomwe mwini wakeyo m'mawa ankapita ku Misa, madzulo n'kumachedwa dala kumjigo umene unali panjira ya a Fabiano.

Nkhani ili chomwecho, kunafika kanema. Pachipatala paja panali Sisitere Pasita, mayi wamfupi woseka mokweza wochokera ku Filipinzi, ndipo abale awo anawatumizira tepi ya filimu ya kwawo. Masiku amenewo dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Abambo mfumu anali ndi kabokosi koonetsera vidiyo, ndiye atamva kuti filimuyo ikukamba za mtsikana wolowa usisitere, analamula kuti izionetsedwa Lamlungu masana muholo ya parishi. Mazenera ankatsekedwa ndi ziguduli kuti mukhale mdima. Tangoganizani, Mangochi mwezi wa Okutobala, anthu atathithikana mpaka pakhomo! Munkanunkha thukuta, makoko a mango, mafuta a jenereta ndi mikodzo ya makanda, koma palibe ankatuluka. Ankabwera ndi Asilamu omwe, amayi a mipango yawo ndi abambo a zikofiya, ena atapalasa njinga kuchokera kutali. Jenereta ankayendetsa a Fabiano, ndipo popeza inkakonda kuzima ikangosiyidwa, iwo ankakhala nayo panja. Filimuyo sanaionepo n'kamodzi komwe.

Chilankhulo cha m'filimumo palibe ankachimva kupatula Sisitere Pasita, amene nthawi imeneyo ankakhala ali ndi odwala. Choncho womasulira anali a Zuze, akatekisiti athu, amene sisitere anangowafotokozera mutu wa nkhani ali chiimire pakhonde. Zotsalazo ankadzaza okha, ndipo kunena zoona ankatha. Anthu a m'filimu anawapatsa mayina a kwathu, mtsikana anali Malita, mnyamata Yohane, ndipo ankawayankhulitsa Chichewa chothira Chiyao mpaka holo yonse kugwa ndi phwete. Anali ndi ntchito inanso. Nthawi imeneyo boma silinkaseka ndi zithunzi za mwamuna ndi mkazi akugwirana, siketi ikafupika pang'ono achinyamata a malaya ofiira ankakubweza pamsika, ndipo apampando a chipani m'dera lathu ankakhala kutsogolo penipeni, pansi pa chithunzi cha mtsogoleri. Ndiye a Zuze ankaima pambali pa kanema ndi chitenje cha akazi awo paphewa. Malita ndi Yohane akangoyandikana, chitenje chija psi! pagalasi, mawu n'kutsitsa, iwo n'kuyambitsa nyimbo ya Maria. Anyamata kumbuyo ankang'ung'udza, koma nyimbo inkaimbidwa mpaka a Zuze atasuzumira kunsi kwa nsalu n'kuona kuti kwayera.

Nkhani yake sinali yovuta. Malita ankakondana ndi Yohane, msodzi ngati a kwathu kuno, koma mtima wake unkakokeranso kunyumba ya masisitere. Chakumapeto awiriwo ankakumana pakhoma lina m'mbali mwa nyanja, ndipo apa chitenje chinkakhalitsa kuposa pena paliponse, nyimbo mpaka kuibwereza. Chikamachoka tinkaona Malita atagwada, mayi wina akumudula tsitsi ndi sizasi, tsitsi lalitali lija likugwera pansi, amayi ake akulira chogwirizidwa ndi anzawo. Kwa ife panalibe chofunsa. Mkazi sameta mutu anthu akulira pokhapokha pagwa maliro, ndipo Mkhristu ndi Msilamu muholomo anamva chimodzimodzi: Yohane wamwalira, wamira panyanja. A Zuze anatsimikiza, n'kuwonjeza ndi phunziro, kuti Mulungu akaitana munthu, munthuyo n'kumazengereza, Iye amachotsa chimene chatchinga njira. Pomalizira penipeni Yohane ankaonekanso ataima kumbuyo kwa tchalitchi, atavala zoyera, chipewa chili m'manja. Azimayi ankafuula kuti mayo ine, mzimu wake wabwera kudzatsanzika, ndipo ena ankaphimba ana kumaso.

Ife ana tinaitenga ngati sewero. Tinasiya phada ndi fulaye, kumasanje kunali Malita ndi Yohane basi, wina kumira mumchenga, wina kumetedwa ndi timitengo tiwiri, ndipo aliyense ankalimbirana kukhala a Zuze chifukwa ndiye ankagwira nsalu. Achemwali okha ndi amene sankaseka. Anaonera Lamlungu lililonse atakhala malo omwewo, ndipo kunyumba anayamba kusiya chakudya. A Fabiano ntchito yawo inali ya pamadzi, injini ikafera pakati pa nyanja ankawatenga pabwato kukaidzutsa, ndipo mphepo ikangotembenuka achemwali ankasiya mtondo n'kuima kuyang'ana mitengo. Kenako anasintha mjigo. Akakumana ndi a Fabiano ankapatuka ngati aona ngozi, mnyamata wa eni n'kutsala ataima ndi sipanala m'manja osadziwa chimene walakwa. Tsiku lina nditatenga ulusi anandiuza kuti ndisavutike, tsitsi lake n'lometa lomwe. Madzulo ake anauza bambo kuti amalume a Fabiano auzidwe kuti ayi, ndipo amayi anakalowa kuchipinda. Ine ndinapsa mtima, osati chifukwa cha a Fabiano, koma chifukwa cha tsitsi limene ndinalisamala zaka zonsezo.

Bambo anazengereza kutumiza uthengawo, ndipo kuzengereza kwawoko kunathandiza. Zimene zinachitika mkati mwa sabata imeneyo achemwali anandiuza okha nditakula. Anapita kwa Sisitere Pasita kukanena kuti asadikire Khirisimasi, awatenge msanga. Sisitere anafunsa chothamangira. Achemwali anayankha kuti sakufuna kuti a Fabiano afe ngati Yohane. Sisitere anafunsa kuti Yohane ndani, ndipo atamva zonse anaseka mpaka kukhala pansi, kenako kuseka kuja kunatha, nkhope n'kuuma. Masana omwewo anaitanitsa a Fabiano kuti adzutse jenereta, ati akufuna kuyesa tepi, n'kulowa muholo awiriwiri ndi achemwali, popanda a Zuze ndi chitenje chawo.

Kuseri kwa nsalu kuja kunalibe nyanja yolusa kapena bokosi la maliro. Kunali anthu awiri atakhala pakhoma, akuyankhula nthawi yaitali, mtsikana akulira, mnyamata atamugwira manja. Kenako mnyamatayo ananyamula sutikesi ya mtsikana n'kumuperekeza yekha mpaka pachipata cha masisitere, anamupsompsona pamphumi, n'kubwerera wapansi. Sisitere anafotokoza kuti kwawo, ngakhalenso m'chipani chawo cha masisitere, mtsikana amadulidwa tsitsi tsiku lovala zausisitere, ndipo amayi amalira chifukwa mwana akuchoka pakhomo. Wa chipewa m'manja uja sanali mzimu ayi, anali munthu wamoyo amene anabwera kudzaonerera mwambo, mtima ukumuwawa. "Agata," anatero sisitere m'Chichewa chawo chodumphadumpha, "Mulungu sapha mwana wa eni kuti apeze sisitere. Ukabwera, ubwere chifukwa ukufuna. Wamantha ife sitimulandira." Achemwali amati nthawi yonseyo ankamva jenereta ikulira panja, ndipo itatsokomola ngati izima anamva a Fabiano akuinyengerera ndi kamluzu kawo.

Achemwali sanasankhe tsiku lomwelo. Panapita masiku angapo, ku Misa osaphonya, ntchito akugwira, ndipo ndikukhulupirira kuti usisitere ankaufunadi, sanali mantha okha. Loweruka lina m'mawa, ndikutsuka mbale, anandiponyera mpukutu wa ulusi watsopano pamiyendo n'kunena kuti, "Iwe, siya zimenezo. Undiluke zing'onozing'ono, zokhalitsa." Tinakhala pansi pa mango mpaka dzuwa kupendeka, zala zanga kuchita dzanzi. Amayi anadutsa kangapo ndi lichero lopanda kanthu, akuyang'ana cham'mbali, ndipo pomaliza anakagwira nkhuku. Amalume a Fabiano anaitanidwa sabata yotsatira.

A Zuze atauzidwa zoona sanatekeseke. Anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ngati kuti wolakwa ndi wina, ndipo Lamlungu lotsatira Yohane anamiranso monga mwa masiku onse, chifukwa anthu anali ataizolowera choncho ndipo chitenje sichikanachoka apampando ali pomwepo. Tepiyo inatha yokha, inayamba mizeremizere mvula itagwa mpaka makina anaitafuna. Mtsikana wina wa kwaya, Sesiliya, analowa usisitere chaka chotsatira, ndipo adakali komweko, wonenepa ndi wosangalala. Sindinamufunsepo ngati ankadziwa kuti Yohane sanafe.

Lero adzukulu anga amaonera mafilimu a ku Filipinzi pafoni, omasuliridwa kale, popanda wophimba kanthu, ndipo ndikawauza kuti mudzi wonse unalira munthu wamoyo amaseka kuti tinali otsalira. Mwina n'zoona. Koma ife sitinaone zolakwika, tinaona tsitsi likugwa ndi amayi akulira, ndipo tinawerenga mmene makolo anatiphunzitsira. Chimene ndinatolapo n'chakuti pamene paphimbidwa munthu amaikapo chimene amachiopa kwambiri, ndipo achemwali anatsala pang'ono kupereka moyo wawo wonse chifukwa cha zimenezo.

A Fabiano sanamire. Anakhala ndi achemwali mpaka imvi, analera ana, ndipo anamwalira pabedi ndi matenda a shuga, m'manja mukadali mabala a mainjini. Titaika maliro, m'mawa mwake, pa mwambo wa kumeta, amayi akuluakulu anabwera ndi sizasi, koma achemwali anakana kuti wina awagwire kumutu. Anati aitane ine, mng'ono wawo. Anakhala pamphasa, ine pakampando kumbuyo kwawo monga kale, tsitsi lija tsopano lotuwa koma lolimbabe. Nditadula koyamba ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Iwo anatola kamtolo kamene kanagwera pachitenje chawo, anakayang'ana, n'kunena osatembenuka kuti, "Meta bwino, mwana wa amayi. Uku ndiye kumeta kwake, kuja tikanangomulira ali moyo."