Nkhope ya Zulfa pa Khoma la ma TV

Amene anamuonapo Tahiru ali pa ntchito amavomereza kuti pakamwa anapatsidwa. Ankagulitsa ma TV m'sitolo ina yaikulu ya zamagetsi cha ku Al Nasr, ndipo munthu wongolowamo kuthawa dzuwa la Doha ankatha kutuluka atasenzetsa antchito chibokosi chachitali ngati chitseko, osadziwa kuti nkhani yayamba bwanji.

Luso limeneli sanaliphunzirire ku Qatar. Kwawo ku Ntaja, m'boma la Machinga, ankagwira ntchito m'kachisakasa koonetsera mafilimu ka amalume ake. Ntchito yake inali kuima pambali pa TV ndi maikolofoni n'kumamasulira mafilimu a zinenero zimene iye mwini sankamvako ngakhale liwu limodzi. Mtchaina akatsegula pakamwa, Tahiru ankamuikamo mawu. Mmwenye akalira, Tahiru ankadziwa kale amene wamulanda munda. Anthu ankakhulupirira zonse, kupatula mtsikana mmodzi wogulitsa zigege pakhomo, dzina lake Zulfa, amene ankasuzumira n'kunena mokweza kuti, "Bodza, sananene zimenezo!" Tahiru anaona kuti munthu wotere ndi bwino akhale wa m'nyumba mwako kusiyana n'kukhala mdani wa panja, ndiye anamukwatira.

Zulfa ankadana ndi kujambulidwa. Ukamuloza ndi foni ankabisa nkhope mumpango, amvekere, "Mukufuna chithunzi ngati ndasowa?" Choncho tsiku limene anaperekeza mwamuna wake pa depoti ya Liwonde, ulendo wa ku Doha, Tahiru anachita kumuba ndi kafoni kake kotchipa. Kavidiyo kake n'kakafupi, kongokwana kupuma kawiri: Zulfa akutembenuka, akuona foni, akuseka, kenako minibasi ikudutsa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chake chachiwiri ku Doha, nyengo ya mvula kumudzi, Zulfa anadwala mwadzidzidzi. M'sitolomo mafoni a antchito ankatsekeredwa m'kabati mpaka poweruka, ndipo pamene Tahiru ankatenga yake madzulo, anapeza uthenga wa matenda, wa imfa, ndi wa kumanda zitangondondozana. Asilamu sagoneka maliro. Anthu anali atabwerako kale, atasamba m'manja, iye akulongosolera Mfilipino wina ubwino wa limoti yomvera mawu.

Analira, ndipo ntchito anapitiriza, poti ku Doha misozi siidula shifiti. Koma pakupita kwa miyezi anazindikira chinthu chimene chinamuopsa kuposa imfayo. Mawu a Zulfa ankawakumbuka bwinobwino. Fungo la mafuta a zigege m'chitenje chake ankalimva ngakhale m'basi ya kampani. Koma nkhope inayamba kumuzemba. Akatsinzina kuti ayione, inkabwera mbali imodzi n'kuthawa. Chomupulumutsa chinali kavidiyo kaja. Nkhope ya m'menemo inali yaing'ono ngati njere ya mtedza, yachimbuuzi, koma akaiyang'anitsitsa mtima unkamalizitsa zotsalazo: kampata pakati pa mano akutsogolo, ndi kachipsera pansidze kamene Zulfa ankati anakapeza atagwa pachitsime ali mwana. Tahiru ankachita mantha kuti tsiku lina mtima udzatopa kumalizitsa.

Ndiye m'sitolo munabwera chimbale chatsopano. Bwana wa sitoloyo, Mlebanoni wina wokonda mafuta onunkhira, analamula kuti chiziseweredwa pa khoma lonse la ma TV kuyambira potsegula mpaka potseka, kuti makasitomala aone mphamvu ya 4K, ndiye kuti zithunzi zowala mopitirira muyezo. Inali filimu yakale ya ku Australia, yojambulidwa Tahiru asanabadwe, imene akatswiri anaitenga pa tepi yake yoyambirira n'kuitsuka mwatsopano. Nkhani yake inali ya Aaborijini, anthu akuda eni nthaka a dzikolo, ndi mizimu ya makolo awo imene amati inaumba mapiri ndipo ikadali momwemo. Mwini filimu anali mkulu wina wa ndevu zoyera, wodzola dothi loyera pachifuwa, amene ankayenda m'dziko lofiira n'kumaima pa miyala kulankhula ndi anthu osaoneka.

Kuwala kwake kunali kochititsa manyazi. Unkatha kuwerenga makwinya a mkuluyo limodzilimodzi. Unkaona ntchentche ikusisita miyendo pakona pa diso lake, ndi timing'alu ta dothi louma pakhungu. Mawu bwana anathimitsa, poti ankasokoneza malonda, choncho Tahiru anabwerera ku ntchito yake ya ku Ntaja mumtima. Mkuluyo Tahiru anamutcha Che Bakali, ndipo anagamula kuti akusaka mbuzi zake zimene mkamwini anagulitsa mwakabisira. Mizimu ya anthu ikuyankhula zakuya, iye ali kalikiliki ndi mlandu wa mbuzi.

Malonda anayenda. "Taonani bwana," ankatero kwa kasitomala m'Chingerezi chake chothamanga, "filimu iyi ndi yakale kuposa ine ndi inu, koma onani ndevuzo. TV iyi ili ndi nzeru, imaganiza. Muipatse chithunzi chilichonse chakale, ya ukwati wa agogo anu kaya, ichichapa mpaka muona amene sanasambe." Sankanena zoti filimuyo inkawala chifukwa tepi yake inasunga zonsezo kuchokera pachiyambi. Mwina sankadziwa. Mwina ankadziwa theka, koma theka limenelo silinkagulitsa TV.

Filimu isanayambe, pankabwera mawu oyera pa chikuda, amene Tahiru ankangowaona ngati zolembalemba za maloya. Tsiku lina mayi wina wa ku Australia, namwino pachipatala china, anaima n'kuwawerenga mwakachetechete. Tahiru atamuyandikira ndi nyimbo yake ija, mayiyo anamuuza kuti mawuwo ndi chenjezo kwa Aaborijini, loti m'filimumo muli nkhope ndi mawu a anthu amene anamwalira. Anati m'madera ambiri a anthuwo, munthu akamwalira dzina lake silitchulidwa ndipo zithunzi zake zimabisidwa kwa nthawi, kuti mzimu upite bwino ndiponso otsala asapwetekedwe. Mkulu wa ndevuyo, anatero mayiyo, anatisiya kalekale. TV sanagule.

Madzulo ake Tahiru anafika nayo nkhaniyo ku Al Mansoura, m'chipinda cha mabedi osanjikana chimene ankagawana ndi amuna ena. Wa bedi la pansi pake anali Macfussy, mlonda wa pa hotela, wa ku Zomba, munthu wosafulumira pa chilichonse kupatula kudya.

"Amwene, dziko ili lili ndi anthu," anatero Tahiru akuseka. "Akuti amaika warning kuti m'filimu muli akufa. Anthu akubisa ma photo, pamene ine ndikusowa ngakhale imodzi ya clear!"

"Aliyense ndi maliro ake, aise," anayankha Macfussy akung'amba khubuzi, buledi wopyapyala wa Aluya.

"Ayi, wallahi, n'zobwerera m'mbuyo. Technology ilipo. Ine mawa ndikupita early, ndikamuika mayi wa kunyumba pa screen yaikulu ija. Ngati Che Bakali akuoneka mpaka ntchentche, kuli bwanji Zulfa wa dzanadzanali?"

Macfussy anasiya kutafuna. "Kodi si inu nomwe mumati zija za TV yanzeru mumangonena kuti customer asaine? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amwene. Kavidiyo kanuko kakukwanirani mmene kalili."

"Khalas, basi, mwayamba zaulaliki," anatero Tahiru, n'kukwera pabedi pake.

Apa ndiye pamene panagona tsoka la munthu wa pakamwa. Bodza ukalinena kwa anthu ambiri, womaliza kuligula umakhala iwe mwini. Ndipo tisamuseke kwambiri Tahiru, chifukwa sanapite kukayesa TV. Anapita chifukwa anamusowa mkazi wake, ndipo ankafuna kumuona kamodzi kokha bwinobwino, kuti nkhopeyo ayisunge isadzathawenso.

M'mawa mwake anavala malaya ositasita ngati akupita kukaonekera kwa apongozi. Ntchito yoyatsa ma TV inali yake, choncho mlonda wa pakhomo sanadabwe kumuona atalawira. Anachotsa chimbale cha Che Bakali, n'kulowetsa fulashi ya kavidiyo kake m'makina amene ankadyetsa khoma lonse. Pa limoti anakweza zonse zochapa chithunzi mpaka pamapeto, kenako anayatsanso mawu.

Khoma lonse linayaka nthawi imodzi. Depoti ya Liwonde inadzaza sitolo, pamwamba ndi pansi, TV yaikulu ndi zazing'ono zomwe. Mkazi wa mpango wobiriwira anatembenuka paliponse.

Poyamba mtima wake unadumpha ndi chimwemwe, poti nkhope inalipo, yaikulu kuposa munthu, yowala, yosathawa. Anali mkazi wokongola ndithu. Khungu linali see, ngati la zidole zovekedwa zovala m'mawindo a masitolo. Maso anali akuda bwino, ojambulidwa mwaukhondo. Ataseka, mano anali mzere umodzi woyera, wothithikana, wopanda kampata. Pansidze panalibe kanthu. Pamene kafoni kotchipa sikanagwire kalikonse, TV yanzeru ija sinafune kuvomera kuti siikudziwa. Inachita zimene Tahiru ankachita ndi Mtchaina wa ku Ntaja, inangoikamo zake.

Kenako mlendoyo anatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anatuluka m'masipika anali a Zulfa enieni, ndi kalilime kake ka Chiyao. "Siyani zimenezo inu!"

Minibasi inadutsa, kavidiyo kanayambiranso kokha. Tahiru akanatha kuthimitsa pomwepo, limoti inali m'manja. Koma anaima chiimire, akuyenda ndi maso kuchoka pa TV iyi kupita pa iyo, poganiza kuti mwina ina mwa izo yamusunga mkazi wake. Anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Anabwerera m'mbuyo. Anatsinzinira diso limodzi. Mkazi uja ankangotembenuka n'kumuseka, kutembenuka n'kumuseka, ndipo Tahiru anamuyang'ana nthawi yaitali kuposa imene anayang'anapo Zulfa ali moyo.

Fungo la mafuta onunkhira ndi limene linamudzidzimutsa. Bwana anali ataima kumbuyo kwake, makiyi m'manja.

"Mashallah!" anatero bwanayo. "Ndi mkazi wako ameneyu? Wokongola kwambiri. Waona zimene TV yathu imachita? Yalla, fulumira, bwezera filimu ija, tikutsegula."

Tahiru, amene sanasowepo chonena chibadwire, anangogwedeza mutu. Anabwezera chimbale, mkulu wa ndevu n'kuyambanso ulendo wake m'dziko lofiira. Tsiku limenelo anagulitsa bwino ndithu, chifukwa pakamwa pozolowera sipadikira mwini wake.

Poweruka anakhala pampando wakumbuyo m'basi ya kampani, dzuwa likulowa kuseri kwa nyumba zazitali. Anatulutsa foni n'kutsegula kavidiyo kake, kakang'ono, kachimbuuzi, monga kanalili kale. Anadikira kuti mtima umalizitse. Unamalizitsadi, mwachangu kuposa masiku onse, koma ndi khungu losalala lija ndi mano othithikana aja. Anathimitsa, anatsinzina, anayesanso. Mkazi wa pakhoma anabweranso, wowala bwino, osasowa kalikonse. Nkhope yoona inkabwera movutikira ngati munthu wochokera kutali, pamene yabodzayi inali itakhala kale pampando.

Tahiru anaimbira Raihana, mng'ono wake wa Zulfa, ku Ntaja. Foni inaitana kwa nthawi, kenako kunamveka phokoso la ana ndi la ziwiya.

"Salaam aleikum, alamu. Kwagwanji, mwaimba nthawi ino?"

"Waleikum salaam. Kulibe choipa, mlamu. Ndimangofuna ndikufunseni kanthu kakang'ono. Kachipsera kaja ka akulu anu, ka pansidze, kanali mbali iti? Kumanja kapena kumanzere?"

Tahiru anamva Raihana akukalipira mwana kuti achoke pamoto, kenako anabwerera pafoni, mawu ake ali odabwa ndiponso achisoni.

"Kachipsera kati, alamu?"