Kutupa kwa Nasra

Mwajuma wa ku Liwaladzi anakulira pathandala la usipa. Ankagula usipa kwa asodzi, kuuyanika, n'kukaugulitsa ku Dwangwa. Mwamuna wake Useni ankadula nzimbe komweko, kunyumba ankabwera Loweruka lokha.

Mwana wawo woyamba, Nasra, anasiya bere msanga chifukwa mayi ake ankaswera kumsika. Ankatsala ndi azakhali a Mwajuma, akumwa phala la ufa wa chinangwa lothira shuga. Masaya atayamba kufufuma, Mwajuma ankanyadira kuti mwana akunenepa.

Kenako mapazi anatupa, tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka. Azakhali anagwedeza mutu. "Ili ndi tsempho. Amuna ako akuyenda ndi akazi ena."

Useni atafika, Mwajuma anamuchingamira pabwalo, anthu akumva. "Mwandiphera mwana ndi mahule anu a ku Dwangwa!" Useni analumbira mpaka kutchula dzina la Allah, koma palibe anamumvera. Ananyamula kachikwama kake n'kubwerera.

Zitsamba zitalephera, Mwajuma anapita ndi mwanayo kuchipatala. Namwino anadina phazi la Nasra ndi chala, ndipo panatsala kadzenje. Anatsitsa chikope, mkati munali moyera.

"Mwanayu magazi achepa, ndipo thupi likusowa zakudya zolimanga. Mumamupatsa chiyani?"

"Phala la shuga."

"Basi? Inu mumachita geni yanji, mayi?"

Mwajuma anazyolika. Chitenje chake chomwe chinkanunkha usipa. "Ndimati sangathe kudya, alibe mano."

"Mtondo mulibe? Muzisinja usipawo, muzithira m'phala. Apa palibe tsempho."

Nasra anagonekedwa, anamwa mkaka wa kuchipatala, kenako chiponde, ndipo kutupa kunaphwa. Atatuluka, Mwajuma anamubereka n'kukadikira m'mbali mwa msewu ku Dwangwa mpaka odula nzimbe ataweruka, ali bii ndi phulusa. Ataona Useni, anagwada.

"Bambo a Nasra, ndinakunamizirani. Mwana ndimamupha ndi ine."

Useni anamasula mwana kumsana, anamusisita mapazi kwa nthawi yaitali. "Dzukani, anthu akuona," anatero.

Useni anabwerera kunyumba, ndipo nkhaniyo saitchula. Koma m'mudzi alipo amene amatsinana akamuona akupita kumzikiti. Mwajuma amawaimitsa mmodzimmodzi, pachitsime ngakhale pamaliro, n'kuwafotokozera zomwe namwino ananena. Ena amavomera ndi mutu, ena amangoseka.