Shifiti ya pa Mabwinja a Amaya

Mwana wanga wamkazi atamaliza digiri yake anati tipite ku Mexico tikaone mabwinja a Amaya, anthu amene anamanga mizinda ya miyala kalekale. Ine ndinali nditagwira unesi ku Bordesley Green mumzinda wa Birmingham zaka zambiri osapitako ku holide. Livu yanga inkathera kuchapa makatani oyera kale.

Tinanyamuka ku Birmingham mvula ikuwaza. M'ndege ndinkangodzukadzuka. Kuhotela nako ndinkayala ndekha bedi antchito asanafike.

"Mum, sit down," ankatero mwanayo.

"Ndakhala kale," ndinkayankha ndili chiimire.

Tsiku lopita kumabwinja dzuwa linaswa mtengo. Wotiperekeza, bambo wamfupi wa chipewa chachikulu, anatifikitsa pa chinyumba chachitali ngati phiri, cha masitepe okhaokha, nati mkatimo munaikidwa mfumu.

"Ndiye kuti ndi manda?" ndinafunsa.

Anavomera. Ndinakana kukwera. Kwathu ku Dedza munthu sangoponda pamanda ngati pamsika. Mwana wanga anakwera ndi alendo ena a m'gulu lathu, ine ndinatsala pansi ndikuzungulirazungulira, maganizo ali ku wodi: kodi wodwala wanga wa pakona uja akudya?

Kenako ndinamva mayi wina akukuwa. Mwamuna wake, mzungu wachikulire wa m'gulu lathu, anali atagwa pa sitepe yoyamba, nkhope ili psuu ndi kutentha. Ndinathamangira komweko. Tinamunyamulira pamthunzi, ndinamumasula mabatani a shati, kumukweza miyendo pachikwama, n'kumamukupiza ndi chipewa cha wotiperekeza uja. Atatsitsimuka anafuna kudzuka.

"Gonani pomwepo, bambo, ndine nesi," ndinatero, ndikumumwetsa madzi pang'onopang'ono.

Ndinakhala naye mpaka ambulansi inabwera. Chifikireni m'dzikolo, mtima wanga unali usanakhalepo pansi ngati nthawi imeneyo. Koma gulu linali litamaliza kuona zonse, bwalo la mpira la Amaya ndi miyala yosema, ine osaonako chilichonse.

Mwana wanga anandipeza ndikusamba m'manja.

"You came all this way to do a shift," anatero.

Ndinaseka, iye sanaseke.

Titabwerera ku Birmingham anandionetsa zithunzi zimene anajambula ali pamwamba: nkhalango yosaoneka polekezera, ndipo pansi penipeni kamunthu kogwada.

"That's you."

Ndinamupempha kuti anditumizire chithunzicho. Anachedwa nacho, koma anatumiza.