Ufa wa pansi pa Apongozi

Mvula ya chaka cha 1986 inali itangoyamba pamene mayi wina wamasiye analembedwa ntchito yosesa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Linali Lolemba, pa 1 Disembala. Anawapatsa tsache, chikolopa ndi ndowa, ndipo mwezi usanathe dzina lawo lenileni linaiwalika. Aliyense ankangoti aNatsache.

M'chipinda chachikulu munali ng'oma, miphika ndi mikanda, zonse m'mabokosi agalasi. Koma pakati penipeni panaima chiboliboli cha mayi wobereka mwana kumbuyo, chakuda ngati mwaye, chofika pachifuwa cha munthu wamkulu. Amene anachisema palibe ankamudziwa. Bokosi loti chikwanemo panalibe, choncho anangochiimika pathabwa n'kuchizunguliza chingwe chofiira. Mlonda wa pakhomo, bambo wa pakamwa posauma, ndiye anachipatsa dzina.

"Awa ndi Apongozi athu tonse," anawauza aNatsache tsiku loyambalo. "Muziwaonera patali. Mukangowagwira, ukwati watha."

Wololedwa kudumpha chingwecho anali wosesa yekha. M'mawa uliwonse aNatsache ankapeza kaufa kotuwira pathabwapo, pafupi ndi zidendene za chibolibolicho. Iwo ankati n'zogwa kudenga. Ankagwada, n'kukasesera pakapepala, n'kupukutapo ndi kansalu kouma.

"Mwadzuka bwanji, Apongozi? Mwayambanso kusinja ife kulibe?"

Umu ndi momwe ankayambira tsiku. Mawu amene sakanauza munthu ankawauza mayi wamtengoyo, chifukwa nayenso anali wopanda bambo, ndi mwana mmodzi kumsana.

Kamodzi pachaka kunkabwera katswiri wochokera ku likulu, woona ngati zinthu zakalezo zili bwino. Sankagwira kanthu ndi manja opanda chovala, ndiye mlonda uja anamutcha aMagolovesi. Akamabwera, mkulu wa nyumbayo ankalamula kuti paliponse pawale, ndipo aNatsache ankalawirira kuposa masiku onse. Katswiriyo ankagwada ndi tochi yake, kuunika timabowo ta m'miyendo ya Apongozi, kenako pathabwa.

"Mayi, pansi pano pamakhala poyera chonchi nthawi zonse?"

"Nthawi zonse, bwana. Ngakhale kudyerapo mungathe."

Iye ankagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa mkulu uja. "Basi, timabowoti n'takale." Akatero ankapitirira kukaona ng'oma. Funso limeneli linkabwera chaka ndi chaka, ndipo aNatsache ankalimva ngati mayeso a ntchito yawo. Ankabwerera kunyumba mtima uli myaa, n'kukauza mwana wawo wamkazi kuti lero akhozanso.

Mwanayo anakula, anaphunzira zosoka, anakwatiwa ku tauni ina. Mu Ogasiti 2004, ataona kuti mawondo a mayi ake ayamba kutupa, anabwera kudzawatenga.

"Amayi, chipinda ndakonza kale. Adzukulu anu akukudziwirani pachithunzi basi."

"Nanga ndikachoka, Apongozi awasamala ndani? Atsikana a masiku ano amasesa pakati pokha."

"Apongozi ake ati? Mtengo uja? Udzakulirani maliro mtengo umenewo?"

"Iwe, samala pakamwa pako."

Mwanayo anabwerera yekha, ndipo kwa nthawi yaitali moni wake ankangodzera mwa anthu.

Denga la chipinda chachikulu linayamba kudontha mu 2011, ndipo anagwirizana zosamutsira zinthu zonse kuchipinda china. AMagolovesi anabwera okha kudzayang'anira, tsopano mutu uli mbuu ndi imvi. Lolemba pa 14 Malichi amuna anayi anavala magolovesi, anazungulira Apongozi, anakokera mpweya ngati onyamula thumba la simenti.

Chibolibolicho chinanyamuka ngati chikho chouma. Mmodzi wa amunawo anadzandira chifukwa cha kupepukako, ndipo panamveka kaphokoso kakang'ono, konga dzira likamasweka. Apongozi anathyoka m'chiuno. Mwana wa kumsana uja anagwera payekha, n'kugudubuzika mpaka pachingwe. M'kati munalibe mtengo. Munali chikhungwa chopyapyala, ndipo ufa unakhuthuka pansi ngati thumba labooka.

Katswiriyo anakhala pansi pomwepo, osasamala za suti yake. Anatapa ufawo, nauyang'ana nthawi yaitali.

"Chafumbwa," anatero. "Koma bwanji? Tizilomboti tikakhala tamoyo timataya ufa kunja. Ndi chizindikiro chake chokhacho. Ine chaka chilichonse ndimaufunafuna pathabwapa, osaupeza."

ANatsache anali ataima pakhomo, tsache lili m'manja.

"Ufawo ndimasesa ine, bwana."

"Liti?"

"M'mawa uliwonse. Chiyambire."

"Nanga ndikamakufunsani..."

"Munkafunsa ngati pamakhala poyera."

Bamboyo anafunsa motsitsa mawu kuti ufawo ankautaya kuti.

"Kudzala, bwana. Pamodzi ndi mapepala a maswiti."

Palibe anawakalipira. Bwenzi zili bwino akanawakalipira. Mkulu wa nyumbayo anati si mlandu wa munthu, katswiri anati wolakwa ndi iye amene sanafunse bwino, ndipo mlonda anavula chipewa, nthabwala zitamuthera. Manja a aNatsache, pozolowera, anayamba okha kukokera tsache kumene kunali ufa.

"Musasese, mayi!" anakuwa katswiriyo. "Chonde musasese."

Zidutswazo anazikulunga m'mapepala ofewa, ufa anauthira m'mabotolo, zonse n'kuzitsekera m'chipinda chosungiramo katundu, mmene wosesa saloledwa kulowa. Anati mwina kudzapezeka wodziwa kulumikiza. Mpaka lero sanapezeke.

ANatsache anapitirizabe kubwera kuntchito. Thabwa lija linatsala pamalo pake, poti palibe anakumbukira kulichotsa. Ankafika pachingwe, kuima, kenako n'kulambalala. Masana ankakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa chitseko, akuyang'ana zikhato zawo. Kwa mlonda ananena kamodzi kokha kuti, "Achimwene, ine ndawatuta Apongozi pang'onopang'ono ndi manja angawa, kukawataya kudzala, n'kumawapatsanso moni." Mlondayo anafuna kuyankha, koma kunalowa ana a sukulu.

Chakudya chinayamba kuwakanika aNatsache, ndipo zovala zinayamba kuwakulira. Mlonda yemweyo ndiye anatumiza uthenga kwa mwana wawo. Mwanayo atafika, sanakumbutse za mawu akale aja. Anangomanga katundu wa mayi ake m'nsalu ziwiri, n'kuwagwira pamkono potsika masitepe a khomo lakumbuyo. Ku tauni inayo aNatsache anakapeza adzukulu atakula kale, oti sangawaberekenso.

Anachoka Lachinayi, pa 30 Juni 2011.